CITETEZO CA M'THUPI CIYAMBIRA M'MBALE: PHUNZIRO LOCOKERA KU NYIMBA

Nyengo yokolola ikatha, alimi a ku Kaumbwe m'Boma la Petauke nagulitsa cimanga, nshawa, soya ndi mpendadzuwa, ndalama zimayenda m'midzi kwa miyezi yowerengeka cabe. Iyi ndiyo nyengo imenenso amalonda amafika ndi katundu wamitundumitundu. Pakati pa katunduyo masiku ano pamapezeka timabotolo ta mibulu ndi timapaketi ta ufa kapena tiyi, zimene ogulitsa amati zimakweza citetezo ca m'thupi. Malonda otere anakula m'zaka za 2020 ndi 2021 pamene mliri wa COVID-19 unagwedeza dziko lino, ndipo ngakhale mliriwo unazilala, malondawo sanathe.

Funso limene mutu wa banja ayenera kuyankha ndi ili: kodi ndalama zocepa zimene zatsala atalipira zofunika kusukulu ndi fetereza aziike pa botolo kapena pa ndiwo? Yankho lake linapezeka m'Boma loyandikana nalo la Nyimba, ndipo m'poyenera kuti anthu a m'cigawo cino ca Kum'mawa alidziwe.

Ubwino wa vitamini A

Poyamba kuyenera kunenedwa kuti mankhwala oonjezera pa cakudya ali ndi malo ake. Citsanzo cacikulu ndi vitamini A. Nchito yake ndi kulimbitsa khungu la m'kati mwa matumbo, la m'njira yopumira ndi la m'maso, limene ndilo mpanda woyamba woletsa tizilombo kulowa m'magazi. Mwana amene vitaminiyu wamuperewera saona bwino kukayamba mdima, ndipo cikuku kapena matenda otsegula m'mimba akamgwira amamfooketsa msanga.

Mu 1986 dokotala wa ku America, Alfred Sommer, pamodzi ndi anzake anafalitsa zimene anapeza ku Aceh m'dziko la Indonesia, zoonetsa kuti imfa za ana zinacepa kwambiri m'midzi imene ana anapatsidwa vitamini A. Kucokera pamenepo maiko ambiri anayamba kugawa vitaminiyu. Muno m'Zambia ana amamlandira pa Sabata la Umoyo wa Ana, limene limacitika kawiri pa caka. Wa miyezi 6 kufika 11 amalandira kambulu kobiriwira ngati thambo, pamene wa caka cimodzi kufika zaka 5 amalandira kofiira, pamodzi ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Kuonjezera apo, kuyambira mu 1998 lamulo linakhazikitsa kuti shuga wogulitsidwa m'masitolo aziikidwa vitamini A, ndipo mu 2012 anchito ofufuza zaulimi anatulutsa mbeu za cimanga ca olenji, cimene cili ndi zinthu zimene thupi limasandutsa vitamini yemweyo.

Zimene zinapezeka ku Nyimba

M'caka ca 2012 akatswiri a ku University of Wisconsin ku America, motsogozedwa ndi Sherry Tanumihardjo, mogwirizana ndi bungwe la National Food and Nutrition Commission ndiponso la Tropical Diseases Research Centre la ku Ndola, anacita kafukufuku m'midzi ya ku Nyimba. Anatenga ana pafupifupi 140 a zaka zoyambira 5 kufika 7 nawagawa patatu. Gulu loyamba linadya phala ndi nsima ya cimanga ca olenji, laciwiri linadya ya cimanga coyera pamodzi ndi vitamini A wa tsiku ndi tsiku, lacitatu linadya ya cimanga coyera cokha. Kudyetsaku kunatenga masiku 90.

Zotulukapo, zimene zinafalitsidwa mu 2014, zinali ziwiri. Coyamba n'cakuti cimanga ca olenji cinaonjezera vitamini A m'thupi mofanana ndi mankhwala aja. Caciwiri ndico cinadabwitsa ambiri. Poyeza vitamini wosungidwa m'ciwindi kudyetsa kusanayambe, akatswiri anapeza kuti panalibe mwana woperewedwa, koma kuti ana 59 mwa 100 alionse anali naye wopitirira muyeso. Ana a kumudzi amene anali kuganiziridwa kuti asowa vitamini A anapezeka kuti ambiri ali naye woculuka kale, popeza anali kumpeza kucokera mbali zingapo: mibulu imene analandira ali aang'ono, shuga, ndiponso mango, maungu ndi ndiwo zamasamba.

Kusiyana kwa cakudya ndi mbulu kwagona pamenepa. Vitamini A wa m'mango, m'mapapaya, m'cibwabwa kapena m'kandolo wofiira m'kati amabwera ali wosapsa, ndipo thupi limasandutsa woculuka pamene lasowa ndi wocepa pamene lakhuta. Akatswiri omwewo anaona ana ena a ku Nyimba amene zikhatho zawo zinasanduka zacikasu m'nyengo ya mango, cinthu cimene siciopsa ndipo cimatha cokha. Koma vitamini A wa m'mibulu amalowa ali wokonzeka kale. Thupi silimtaya ndi mkodzo, koma limamuunjika m'ciwindi, ndipo akaculuka kwa nthawi yaitali angavulaze ciwindico ndi mafupa. Kwa mai woyembekezera ngozi yake ndi yaikulu, pakuti angapundule mwana ali m'mimba.

Izi sizitanthauza kuti makolo aleke kupita ndi ana ku Sabata la Umoyo wa Ana. Kumeneko muyeso ndi wodziwika, nthawi yake ndi yoikika, ndipo zonse zimalembedwa pa khadi la kusikelo. Coopsa ndi kuonjezera pamwamba pa zimenezi mibulu yogula pamsika, imene ngakhale wogulitsa sadziwa cimene cili m'kati mwake.

Cimene cisowa m'mbale

Ngati vitamini A sanali kusowa mwa ana aja, nanga n'cifukwa ninji ana ambiri akali ofooka? Kalembera wa zaumoyo wa dziko lonse waonetsa kuti ana opinimbira osafika zaka 5 anali 40 mwa 100 alionse mu 2013 ndi 2014, anatsika kufika 35 mu 2018, ndipo mu 2024 anali 32. Kutsikaku n'kokondweretsa, komabe ndiye kuti mwana mmodzi mwa atatu sakula monga mwa msinkhu wake. Kupinimbira kumabwera cifukwa ca cakudya cosakwanira ndi cosasinthasintha, kudwaladwala, ndi madzi oipa, makamaka m'masiku 1,000 oyamba, kuyambira pamene mai waima kufika pamene mwana wakwanitsa zaka 2.

Asilikali a m'magazi amene amamenyana ndi matenda amapangidwa ndi zakudya zomanga thupi, monga kayera, nyemba, nshawa, soya, mazira, kapenta, mkaka ndi nyama, mothandizidwa ndi ayironi ndi zinki. Zambiri mwa izi zimalimidwa ndi kuwetedwa ku Kaumbwe komweko. Cigawo ca Kum'mawa cimadziwika kuyambira kale ndi nshawa za Chalimbana, ndipo aliyense woyenda pa mseu waukulu wa Great East amadziwa nthoci za pa Nyimba. Vuto ndi lakuti mabanja ambiri amagulitsa nshawa ndi soya zonse mitengo ikakoma, nasiya nsima ndi therere zokha za miyezi ya njala. Banja limene lagulitsa thumba lotsiriza la nshawa kuti ligule botolo la mibulu lataya mankhwala enieni. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Nsinjiro m'phala la mwana ndi m'ndiwo zamasamba zili ndi phindu lacinanso: mafuta ake amathandiza thupi kutenga vitamini A wa m'masambawo. Koma nshawa ndi cimanga ziyenera kuumitsidwa bwino ndi kusankhidwa, pakuti zacuku zimakhala ndi ululu wochedwa aflatoxin, umene umaononga ciwindi ndi kufooketsa citetezo ca m'thupi. Mu August 2024 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti ululu umenewu wapezeka woculuka mu ufa wina wa m'zigayo, agalu pafupifupi 400 atafa. Cizolowezi cogulitsa nshawa zabwino ndi kusinja zofumbwa ndi zoola kuti zidyedwe panyumba ciyenera kuleka.

Zaka zapitazi zaphunzitsa

Pa 29 February 2024 Mtsogoleri wa dziko lino, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse, maboma 84 mwa 116 atakhudzidwa ndipo cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni citapserera. Pa nthawi yomweyo dziko linali kulimbana ndi kolera imene inayamba mu October 2023, inagwira anthu oposa 20,000 ndi kupha oposa 700, mpaka bwalo lamasewera la National Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala. Pa mavuto awiriwa zimene zinapulumutsa anthu zinali cakudya, madzi othiridwa kolorini, zimbudzi, kusamba m'manja ndi sopo, katemera, ndi madzi a mcere ndi shuga operekedwa msanga. Mu 2025 mvula inagwa bwino ndipo dziko linakolola cimanga coposa matani 3.6 miliyoni. Caka ca zokolola zambiri ndico cofunika kucenjera naco, pakuti ndi pamene ndalama zimapezeka zotaya pa zinthu zopanda pake.

Mibulu imene ili ndi umboni

Anchito a zaumoyo ali ndi mibulu yowerengeka imene ubwino wake unatsimikizidwa. Mai woyembekezera amalandira ya ayironi ndi folic acid kusikelo, yoonjezera magazi ndi kuteteza msana ndi ubongo wa mwana. Mwana wotsegula m'mimba amapatsidwa zinki kwa masiku 10 mpaka 14 pamodzi ndi madzi a mcere ndi shuga, monga momwe mabungwe a WHO ndi UNICEF analangizira mu 2004. Zonsezi zimaperekedwa kwa munthu woyenera, pa muyeso wake, m'zipatala zazing'ono za kumidzi ndiponso pa zipatala za Petauke, Kalindawalo, Minga ndi Nyimba.

Cimene cimaphunzitsa thupi kuzindikira mdani wake ndi katemera. Wa cikuku amaperekedwa kawiri, mwana ali ndi miyezi 9 ndiponso 18, ndipo makolo ambiri amaiwala waciwiriyu. Kwa khanda, mkaka wa m'mawere wokha kwa miyezi 6 yoyamba umapereka citetezo cimene sicingagulidwe kulikonse.

Cenjezo lalikulu likupita kwa anthu amene ali ndi kacilombo ka HIV. Mankhwala a ma ARV akhala akuperekedwa kwaulere m'zipatala za Boma kuyambira mu 2005, ndipo ndiwo okha amene amaletsa kacilomboka kuswana kuti citetezo cibwerere. Munthu woleka ma ARV, kapena mankhwala a cifuwa cacikulu, cifukwa cokhulupirira botolo la pamsika amapatsa matendawo mpata wakuti alimbe ndi kukana mankhwala. Wina amacedwa kupita kucipatala poyembekeza kuti ufa wogula umcilitse, nafika matenda atakula. Paja zengerezu analinda kwaukwau.

Udindo wa onse

Lamulo la mankhwala la mu 2013 linakhazikitsa bungwe la Zambia Medicines Regulatory Authority, limene nchito yake ndi kuona kuti mankhwala ogulitsidwa ndi ovomerezeka ndiponso kuti ogulitsa ali ndi cilolezo. Koma anchito a bungweli sangafike pa msika uliwonse wa kumalire ndi Mozambique. Tsono udindo ukugwera mafumu, manyakwawa, makomiti a zaumoyo a m'midzi, aziphunzitsi ndi atsogoleri a mipingo, kuti azifunsa wamalonda aliyense cilolezo cake, ndi kukana amene anena kuti botolo limodzi licilitsa shuga, kuthamanga kwa magazi, HIV ndi kusabereka nthawi imodzi.

Alangizi a zaulimi nawonso ali ndi mbali yawo, yoonetsetsa kuti mbeu ya cimanga ca olenji ndi ya kandolo wofiira m'kati ikupezeka pa nthawi yobzala, ndiponso kuti madimba akulimidwa m'cilimwe. Kwa akuluakulu, kucepetsa kacasu, kuleka fodya, kugona mokwanira ndi kugona m'neti ndi zinthu zosalira ndalama.

Banja la ku Kaumbwe likamagawa zokolola za caka cino, liyambe lapatula nshawa, kayera ndi soya zokwanira kudya mpaka March, lifutse masamba, lisunge nkhuku zoikira mazira a ana, ndipo lione ngati khadi la kusikelo la mwana aliyense ndi lokwana. Wofuna kumwa mibulu ina iliyonse ayambe waonetsa botololo kwa namwino wa pa cipatala capafupi asanatulutse ndalama.