Galimoto mwaipatsa dzina, nanga woyendetsayo?

Nyengo ya Khirisimasi ikafika, Facebook imadzaza ndi zithunzi za abale athu a ku America ndi ku Ulaya ataima pa chipale chofewa, kapena kuti sinowo, jekete mpaka m'makutu. Ife kuno n'kumati "mukunjoyatu". Koma tayang'anitsitsani kumbuyo kwawo pachithunzipo: phula likuoneka, magalimoto akudutsa. Pali munthu amene sanagone kuti msewuwo ukhale choncho. Sabata ino ndikufuna ndimulankhulire ameneyo, chifukwa mayiko amenewa, ndi chuma chawo chonse chija, amamuchita chipongwe.

Chipongwe china chimaoneka ngati chikondi. Mu 2021 a dipatimenti ya zamayendedwe ku Minnesota anauza anthu kuti avotere mayina a magalimoto okankha sinowo, ndipo dzina lomwe linapeza mavoti ochuluka linali Plowy McPlowFace. Ku Scotland nakonso magalimoto owaza mchere m'misewu ali ndi mayina anthabwala, mpaka mutha kuwatsata pa intaneti kuti afika pati. N'zoseketsa, sindikana. Koma chitsulo chili ndi dzina ndi ochikonda, pomwe wokhala m'katimo amakumbukiridwa pokhapokha anthu akafuna womutukwana.

Ntchito yake ndi yotani? Ganizirani chilole chodzaza mchere, kutsogolo atamangako chikhasu ngati cha giledara, m'mbali china chotambasuka ngati phiko. Dalaivala akugwira chiwongolero, akukweza ndi kutsitsa makasuwo, akuonanso kuchuluka kwa mchere womwe ukuwazidwa kumbuyo. Mizere ya pamsewu yakwiririka. Mphepo ikakula, kumwamba ndi pansi zonse mbee, sudziwa pomwe msewu wathera ndi pomwe dzenje layambira. Chikhasu chikagunda chivundikiro cha ngalande chobisika pansi, msana ndiwo umamva. Liwiro lake ndi la makilomita 50 pa ola kapena kucheperapo, ndiye wa kagalimoto kumbuyo amatopa, n'kuyesa kupitirira, n'kulowa mumtambo wa sinowo amene chikhasu chikuulutsa. Akagundana, mawa nkhani ndi ya dalaivala wa chilole. Zonsezi kwa maola 12, nthawi zina kuposa, usiku, pa Khirisimasi pomwe.

Mcherewonso uli ndi malire ake. Kukazizira kufika cha m'ma -10 umayamba kufooka, msewu umakhalabe woterera ngakhale auwaze kangati. Anthu amaimba foni kudandaula kuti galimoto sinadutse, chonsecho yadutsa katatu. Ndipo sinowo sachoka padziko ayi, amangosuntha. Chikhasu chimamukankhira kumbali, komwe kuli zipata za nyumba. Bambo amene watha ola lathunthu ndi fosholo akapeza chulu chatsopano pakhomo, amatuluka ndi mawu osalembeka. Kukwiya ndikukumvetsa. Koma dalaivalayo apite naye kuti sinowoyo, amuike m'thumba?

Tsono tibwere pomwe nthabwala zimathera. Pa 23 Disembala 2022 chimphepo cha sinowo chinagunda mzinda wa Buffalo m'chigawo cha New York. M'masiku ochepa kunagwa sinowo wopitirira mita imodzi, ndipo anthu oposa 40 anafa m'deralo: ena m'magalimoto, ena m'misewu, ena m'nyumba zopanda magetsi podikira ambulansi yomwe inalibe podutsa. Magalimoto okankha sinowo nawo anakanika. Kutsogolo sikunkaoneka, ndipo misewu inatsekeka ndi magalimoto omwe eni ake anawasiya n'kuthawa. Chikhasu sichingakolope msewu womwe wadzaza zitsulo.

Apa ena amafulumira kunena kuti wolakwa ndi amene anatuluka ndi galimoto. Pang'onopang'ono, abale. Lamulo loletsa kuyenda ndi galimoto linayamba kugwira ntchito Lachisanu m'mawa, anthu ambiri atanyamuka kale kupita kuntchito. Wogulitsa m'sitolo kapena wosamalira okalamba sanganene yekha kuti lero sindibwera, ganyu imatha. Amene anali ndi mphamvu yotseka misewu usiku wa Lachinayi anali m'maofesi otentha. Patapita masiku, mkulu wa boma la Erie, Mark Poloncarz, anadzudzula poyera momwe mzinda wa meya Byron Brown unkachotsera sinowo. Akuluakulu akulozana zala pa TV, madalaivala anali adakali m'misewu, akutsegula njira mpaka lamulo lija linachotsedwa pa 29 Disembala.

Mfundo yanga ndi yakuti msewu wa mu Disembala umakonzedwa mu Juni, pa tebulo la bajeti. Pamenepo ndi pomwe amagamula kuti agula magalimoto angati, akonza angati owonongeka, ndipo dalaivala alandira zingati. Kumapeto kwa 2021 zigawo zambiri za America zinalira kuti madalaivala a ntchitoyi akusowa. Zodabwitsa zili pati? Laisensi yoyendetsera chilolechi ndi yomweyo yomwe makampani a mathiraki amafuna, ndipo iwo amalipira bwino, chaka chonse, popanda wokuponyera fosholo. Wina anganene kuti mpikisano wa mayina uja umathandiza anthu kulemekeza magalimotowa pamsewu. Mwina. Koma dzina lanthabwala ndi laulere, n'chifukwa chake maboma amalikonda. Malipiro ndiwo amawawa.

Anthu a ku Chicago anadziwa kolozera chala. Mu Januwale 1979 kunagwa sinowo wokwana pafupifupi theka la mita, misewu inakhala yotsekeka kwa masiku, mabasi ndi sitima zinasokonekera. Mwezi wotsatira, pa chisankho chachipulula cha chipani cha Democratic, anagwetsa meya Michael Bilandic n'kusankha Jane Byrne, yemwe anadzakhala meya woyamba wamkazi wa mzindawo.