ZA MAKEDZANA: Tsiku limene ndeke zinamiza zombo zazikulu za Angelezi

M'midzi yathu muli mabanja amene akali kusunga mendulo za agogo ao amene anapita ku nkhondo ya ku Burma. Ana akafunsa kuti munthu wa ku Chipata kapena ku Petauke anakafunako ciani kutali konseko, akulu ambiri amangoti inali nkhondo ya Azungu. Mbali ina ya yankho ili pansi pa nyanja, kum'mawa kwa dziko la Malaya, kumene zombo ziwiri za nkhondo zinamira pa 10 December 1941.

Kuyambira m'caka ca 1906, pamene Angelezi anamanga combo cochedwa Dreadnought, mphamvu za dziko zinali kuyesedwa ndi kuculuka kwa zombo zake zazikulu za mizinga. Britain ndi Germany anapikisana kuzimanga, ndipo ndalama zoculuka za msonkho zinathera ku zitsulo zimenezi. Komabe pa nkhondo yonse ya 1914 mpaka 1918 magulu akulu a zombozi anamenyana kamodzi kokha, ku Jutland mu 1916. Angelezi oposa 6,000 ndi Ajeremani oposa 2,500 anafa, koma panalibe anagonjetseratu mnzace.

Mu 1941 Angelezi anali kunyadira combo cao catsopano, Prince of Wales. M'litali cinali mamita 227, kuposa mabwalo awiri a mpira. Cinali ndi mizinga ikulu-ikulu 10, ndipo cipolopolo cimodzi cinali kulemera monga matumba 14 a cimanga a makilogalamu 50, nkumakagwa patali makilomita oposa 30. Nduna yaikulu ya Britain, Winston Churchill, anacitumiza ku Singapore pamodzi ndi cina cakale cochedwa Repulse, poyesa kuti Ajapani akaziona adzaopa kuyamba nkhondo.

Ajapani sanaope. Zombozi zinafika pa 2 December, ndipo pa 8 December asilikali a Japan anatsika pa gombe la Malaya. Madzulo a tsiku lomwelo mkulu wa zombozi, Admiral Tom Phillips, ananyamuka kukawathira nkhondo, wopanda ndeke zomuteteza. M'mawa mwace adani anamuona, iye natembenuka kubwerera ku Singapore. Ali m'njira analandira uthenga wakuti Ajapani ena atsikira pa Kuantan. Anapatuka kukaona, napeza kulibe kanthu, ndipo nthawi yothawira inathera pamenepo.

Itangopitirira 11 koloko m'mawa pa 10 December, ndeke za Japan zocokera kufupi ndi Saigon zinayamba kufika m'magulu-magulu. Zina zinaponya mabomba kucokera m'mwamba, zina zinauluka pafupi ndi madzi nkuponya mabomba oyenda pansi pa madzi, ochedwa torpedo. Limodzi linagunda Prince of Wales kumbuyo, pamene pali zopalasira madzi. Mtanda wacitsulo wozunguza copalasira unapindika, nung'amba combo m'kati. Madzi analowa, magetsi anazima m'zigawo zambiri, ciongolero cinaleka kumvera, ndipo mfuti zambiri zoombera ndeke zinasowa mphamvu yotembenukira. Repulse inalewa mabomba ambiri mwaluso, koma ndeke zitaidzera mbali ziwiri nthawi imodzi inagundidwa nimira. Isanakwane 2 koloko masana Prince of Wales nayonso inali pansi pa nyanja. Anthu pafupi-fupi 840 anafa, pamodzi ndi Phillips mwini wace. Ajapani anataya ndeke zosapitirira zinai.

Aka kanali koyamba kuti zombo zazikulu zotere, zili pa ulendo pakati pa nyanja ndiponso zikudziteteza, zimizidwe ndi ndeke zokha. Ambiri amaimba mlandu Phillips cifukwa sanaitane thandizo pa wailesi, poopa kudziulula kwa adani. Ndeke za Angelezi zinafika combo caciwiri cili kumira. Ine ndiona kuti mlandu waukulu unali wa akulu a ku London, amene anakhulupirira kuti ukulu wa combo wokha ungaopseze mdani.

Zombozi zitamira panalibenso cowaletsa Ajapani pa nyanja imeneyo. Singapore anagwa pa 15 February 1942, ndipo mzinda wa Rangoon ku Burma unatengedwa m'mwezi wa March. Pofuna kulandanso Burma, Britain anatenga asilikali m'maiko amene anali kulamulira, kuphatikizapo a ku Africa. Motero mu 1944 anyamata a Northern Rhodesia Regiment anali m'cigwa ca Kabaw, kumenyana ndi Ajapani m'matope a dzinja ndi m'malungo.

Ajapani naonso anali ndi combo cao conyadira, Yamato, cacikulu kuposa zonse za Angelezi. Pa 7 April 1945 ndeke za America zinacimiza pamodzi ndi anthu pafupi-fupi 3,000. Britain anagulitsa combo cake cotsiriza ca mtundu umenewu, Vanguard, kwa ophwasula zitsulo mu 1960.