Keke ya chibowo pakati si ya amphawi

Mwezi watha mng'ono wanga anakwanitsa zaka 8. N'tamufunsa chimene afuna, sanachedwe kuyankha: keke yooneka monga donati, yaikulu, ya pinki, na tumaswiti pamwamba. N'nafunsa mitengo kwa anthu awili amene amapanga makeke pa oda. Mtengo umene ananiuza unali pafupi na hafu ya lendi ya nyumba yathu ku Mtendere. Mnzanga wina anati, "Tenga chabe kaloba, mwana sakwanitsa zaka 8 kawili." N'nakana. Keke ija tinaipanga tekha, pa mbaula, ndipo niona kuti ambili a ise tifunika kuchita chimodzimodzi popanda manyazi.

Sinili kunyoza amene amapanga makeke a malonda. Ni nchito, ndipo mtengo wawo uli na zifukwa zake: mazila, batala, malaiti, na maola ambili oimilila. Vuto ili kwa ise ogula. Masiku ano keke ya tsiku lobadwa timaigulila kamela, osati pakamwa. Tifuna chithunzi cha pa WhatsApp na Facebook chakuti anthu akambe kuti uyu zinthu zimuyendela. Koma yang'anani mwana amene tikamba kuti tifuna kumukondweletsa: amachotsa chikhungu cholimba cha shuga chija, n'kuchisiya pambale. Chithunzi chimaiwalika mawa lake. Wa kaloba saiwala.

Manje tikambe za chibowo. Ena amaganiza kuti keke ya chibowo pakati ni njila yobisila kuti fulawa inachepa. Si zoona. Keke ikakhala pamoto, kutentha kumayambila m'mbali, ndipo pakati kumafikako mochedwa. Ndiye chifukwa chake makeke ambili a panyumba amapselela kunja koma mkati ali phala. Chibowo chimachotsa malo ovutawo, ndipo chitsulo chimene chili pakati chimatenthetsa keke kuchokela mkati. Anthu a ku Germany na Austria anadziwa izi kalekale na keke yawo yochedwa Gugelhupf. Ku America, kampani ya Nordic Ware ya ku Minneapolis inayamba kupanga chophikila cha Bundt mu 1950, ndipo chinachuka maningi mu 1966, keke yophikidwa mmenemo itatenga malo achiwili pa mpikisano wa Pillsbury. Kumeneko palibe amene amati ni keke ya osauka.

Kwa ise nzelu imeneyi ni yofunika kuposa kwa iwo. Mukumbukila 2024, pamene chilala chinachepetsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kupita pafupifupi tsiku lonse? Amene anali na uvuni anali chimodzimodzi na amene alibe. Mbaula ndiyo inatisunga. Ndipo moto wa malasha sulingana ponseponse, ndiye keke yokhala na chibowo ndiyo imapsa bwino pamenepo. Ngakhale kuphika na makala pamwamba pa chivinikilo si zachilendo. Ambuye athu kum'mawa ndiye mmene amaphikila chikondamoyo mpaka lelo.

Ise tinachita tele. Tinasakaniza majalini magalamu 250 na shuga magalamu 250 mpaka zinayela na kufewa. Tinaikamo mazila 4, limodzi-limodzi, ndiyeno fulawa yofufuma yokha magalamu 250, na mkaka pang'ono. Pakati pa chophikila tinaimika kapu ya chitsulo yopakidwa mafuta kunja, ndipo mkati mwake tinaikamo tumiyala kuti isasunthe. Mu poto yaikulu tinathila mchenga pansi, n'kuutenthetsa, n'kukhazika chophikila pamchengapo. Pa chivinikilo tinaika makala ambili kuposa a pansi. Lamulo ni limodzi: osavinukula mphindi 30 zisanakwane, chifukwa keke imagwa. Yathu inapsa pa mphindi 45, ndipo mpeni umene tinalasa unatuluka wouma. Ngati muli na uvuni ndipo malaiti alipo, ikani pa 180.

Itazizila tinaigadamutsa, n'kusenga m'mbali na mpeni kuti ikhale yobulungika monga donati. Pamwamba tinathila shuga wa aisingi wosungunula na mkaka pang'ono chabe, na kadontho ka mtundu wa pinki, ndiyeno tumaswiti. Osathamangila kuthila keke ikali yotentha, zonse zimayendelela pambale.

Nidziwa zimene ena adzakamba. Zosakaniza nazonso ni ndalama, ndipo keke yoyamba ingakanike. N'zoona. Yathu inapendamila mbali imodzi, ndipo pansi inada pang'ono mpaka tinapala na mpeni. Wina adzati alibe nthawi, wina adzati paphwando pabwela apongozi. Ngati ni ukwati, kapena muli nazo ndalama zanu-zanu, pitani kwa akatswili, nawonso adye. Chimene nikana ni kukongola ndalama chifukwa choopa maso a anthu amene sadzakuthandizani kubweza. Keke yopendama imadyedwa n'kutha. Nkhongole imatsala mpaka kumapeto kwa mwezi, nthawi zina mpaka mwezi winawo.

Palinso china chimene keke ya pa oda siingakupatseni. Mng'ono wanga ndiye anaphwanya mazila, limodzi linagwela pansi. Ndiye anapeta malasha na kabokosi, ndiye ananyambita mbale. Madzulo tinaimika makandulo 8 mozungulila chibowo, ana a m'komboni anaimba mpaka mawu anasasa, ndipo anakanganilana ngakhale zidutswa zija tinasenga m'mbali. Mayi wina wa pafupi anafunsa kumene tinagula. N'sanatsegule pakamwa, mwana uja anayankha mokweza, chifuwa patsogolo: "Sitinagule, tinapanga ine na asisi!"

Imwe amene muli na mwana, mng'ono kapena muphwa amene tsiku lake layandikila, musayambe na kufunsa mitengo. Yambani na kufuna kapu ya chitsulo na mchenga, ndipo muyeseko Chiwelu chino, tsiku lenileni lisanafike. Ikakanika, mudzamwela tiyi.