ZA PA MSEU: Tayala la Matope Silidziwa Cipale

Sabata yatha ndinalandira kalata yocokera kwa mwana wa mlongo wanga, amene tsopano akugwira nchito m'cipatala mu mzinda wa Umeå, kumpoto kwa dziko la Sweden. Mnyamatayu anakulira ku Petauke, ndipo kuyendetsa galimoto anaphunzira m'manja mwanga pa miseu ya fumbi ya kumeneko. Atasunga ndalama zaka ziwiri wagula Toyota Land Cruiser Prado yogwirapo kale nchito, yokhala ndi matayala a mano akulu-akulu onga amene timaona pa magalimoto olowa m'thengo ku Mfuwe. M'kalatamo akuti: "Amalume, anzanga kuno akundiumiriza kuti ndigule matayala ena anai a m'nyengo yozizira, ndipo mtengo wake ngwoopsa. Kodi kumeneko si kutaya ndalama? Galimoto yanga imakoka ndi mawilo onse anai, ndipo matayala amene iri nao angathe kuturuka m'dambo lirilonse la kwathu."

Ndamuyankha kale payekha, koma ndaona kuti nkoyenera kuika yankholo pano, cifukwa ana athu okhala ku maiko ozizira acuruka, ndiponso cifukwa nkhaniyi iri ndi mcira umene umafika kwathu kuno.

Poyamba tigwirizane pa mau. Ena amacha nyengo yozizira ya ku Ulaya kuti dzinja, koma dzinja lathu ndi la mvula, matope ndi thukuta. Nyengo yao ndi ina. Kumene kuli mnyamatayu cipale cofewa cimagwa ngati ufa nicikhala pansi miyezi inai kapena isanu. Magalimoto akacipondaponda cimalimba. Cikasungunuka pang'ono masana cimaundananso usiku, ndipo pofika m'mawa mseu wasanduka galasi. Cisanu cathu ca mu Juni ndi Julayi, cimene timaothera moto ndi kufunda mabulangete awiri, anthu a kumeneko angayendemo ndi malaya okha.

Tsono yankho langa linayamba motere: iwe mwana wanga, kukoka ndi mawilo anai kumakuthandiza ponyamuka ndi pokwera citunda, koma poima sikukuthandiza ngakhale pang'ono. Galimoto iriyonse, ngakhale ka Corolla ka mphunzitsi, imagwira mabuleki ndi mawilo onse anai. Pamenepo Prado siipambana kanthu, koma ingocurukitsa katundu, pakuti kulemera kwake kumaposa matani awiri, ndipo cinthu colemera cikayamba kuterera sicimvera munthu. Cimene cimakhudza mseu pa galimoto yonseyo ndi malo anai, alionse aakulu ngati cikhato ca dzanja. Injini, magiya ndi nzeru zonse za opanga galimoto zimathera pa zikhato zinai zimenezo.

Coopsa ceniceni ndi cakuti galimoto yotere imanyenga mwini wake. Woyendetsa galimoto yaing'ono akamanyamuka pa madzi oundana, mawilo amazungulira pamodzimodzi, ndipo iye amadziwa pomwepo kuti lero nkoterera, nacepetsa liwiro. Koma wa 4x4 amanyamuka bwino-bwino ngati ali pa tala wouma, osamva cenjezo lirilonse, ndipo amadzazindikira za mseu atafika kale pa kona, kapena pamene nyama yaturukira. M'nkhalango za Sweden muli nyama yaikulu yochedwa älg, ya miyendo itali-itali, yonga nchefu kukula kwake, imene imadutsa mseu m'cisisira osayang'ana uku kapena uku. Amene anakumanapo ndi ng'ombe usiku pa mseu wa ku Katete adziwa cimene ndikunena.

Nanga tayala la matope lalakwanji? Silinalakwe, koma linapangidwira nchito ina. Mano ake ndi aakulu ndi otalikirana kuti azikumba pansi ndi kulavula matope pamene likuzungulira, ndipo mphira wake ndi wolimba kuti miyala ndi zitsa zisaung'ambe. Kukazizira mphira wotere umauma gwa. Opanga matayala amati kutentha kukatsika pansi pa madigiri 7, tayala wamba limayamba kutaya mphamvu yake yogwira mseu. Tsono ku Umeå nthawi zina kumatsika kufika madigiri 20 pansi pa ziro. Mano akulu aja pa madzi oundana alibe cokumba, angokhala ngati zidutswa za thabwa pa galasi.

Tayala la m'nyengo yozizira liri ndi mphira umene umakhalabe wofewa m'cisanu coopsa, ndipo mukaliyang'anitsitsa mudzaona kuti dzino lirilonse latemedwa mphini zambiri-mbiri zopyapyala, ngati zocekedwa ndi lezala. Mphini zimenezi ndizo mankhwala ake. Tayala likaponda pansi zimatseguka, milomo yake niluma mseu, ndipo zimamwa timadzi tocepa tokhala pamwamba pa madzi oundana, timene ndito timaterereza kopambana. Zimagwiranso cipale osacilavula, pakuti cipale cimamatirira bwino pa cipale cinzake koposa pa mphira. Apa mpamene matayala awiriwa amasiyanira kotheratu: la matope limafuna kukhala loyera m'mano, la cipale limafuna kudzaza.

Nzeru imeneyi si ya dzulo. Tayala loyamba la mtundu uwu linapangidwa ku Finland m'caka ca 1934, la magalimoto a katundu, ndipo mu 1936 kampani yomweyo, imene lero ichedwa Nokian, inaturutsa la magalimoto ang'ono lochedwa Hakkapeliitta, dzina limene likugulitsidwabe mpaka pano.

Posankha, musakhulupirire maonekedwe a mano. Werengani zolembedwa m'mbali mwa tayala. Zilembo za M+S, zimene ziri pa matayala ambiri a m'thengo, zimangosonyeza kuti wopanga akuti tayalalo ndi la matope ndi cipale, koma palibe mayeso amene limapyola kuti lilandire zilembozo. Cizindikiro codalirika ndi ca phiri la nsonga zitatu lokhala ndi kaduwa ka cipale m'kati mwake, cimene cinayamba ku United States ndi Canada mu 1999, ndipo cimaperekedwa kwa tayala limene layesedwa pa cipale coponderezedwa nilipambana muyezo woikika. Dziko la Germany linaleka kuwerengera zilembo za M+S pa zokha kuyambira pa 1 Okutobala 2024.

Komabe ngakhale cizindikiro ca phirico ciri ndi malire, ndipo apa mpamene eni magalimoto a m'thengo ambiri amagwera. Alipo matayala a miseu yonse, a mano apakati, amene ali naco cizindikiroco, ndipo wogulitsa adzakuuzani kuti mukagula amenewo mwathana nazo caka conse. Ku England, kumene cipale cimagwa masiku owerengeka, mwina nzoona. Koma mayeso aja ndi a pa cipale, si a pa madzi oundana ai. Cifukwa cake kuyambira mu Meyi 2021 pepala lomatidwa pa matayala atsopano ogulitsidwa m'maiko a European Union liri ndi kacizindikiro kena kosonyeza tayala loyesedwa pa madzi oundana. Matayala a cisanu enieniwo alinso pawiri: ena anapangidwira miseu yonyowa ndi ya liwiro ya Ulaya wapakati, ena a mphira wofewa koposa anapangidwira maiko a kumpoto. Munthu wa ku Umeå akagula a mtundu woyamba cifukwa ca kucipa, wagula khasu la kudimba kuti akalimire pa nthaka ya miyala.

Funso limene limagawanitsa anthu a kumeneko, monga momwe mpira umatigawanitsira ife, ndi la misomali. Matayala ena amakhomedwa timisomali ta citsulo colimba, toturukira kunja ngati milimita imodzi, timene timakanda madzi oundana monga zikhadabo za mphaka pa mtengo. Pa mseu wa galasi, makamaka pamene wayamba kusungunuka, palibe tayala lina lofanana nalo. Koma pa tala woyera limacita phokoso, limadya mseu ndi kuutsa fumbi limene anthu amapuma. Ku Germany analiletsa mu 1975. Ku Stockholm muli mseu wochedwa Hornsgatan umene sulola matayala a misomali kuyambira mu 2010, ndipo ku Oslo woyenda nao amalipira msonkho. Lamulo la Sweden limawalola kuyambira pa 1 Okutobala kufika pa 15 Epulo, ndipo limafuna kuti galimoto ikhale ndi matayala a cisanu, a misomali kapena opanda, a mano osacepera mamilimita 3, kuyambira pa 1 Disembala kufika pa 31 Marici ngati mseu uli ndi cipale kapena madzi oundana.

Ine ndinamulangiza a misomali. Munthu woitanidwa ku cipatala pakati pa usiku sasankha nthawi yoyenda, ndipo amaturuka galimoto zokokola cipale ndi kuthira mcenga zisanadutse. Akadakhala woyenda m'tauni mokha masana, ndikadati agule ofewa aja a kumpoto, opanda misomali. Ndinamuuzanso kuti makilomita mazana angapo oyamba ayende modekha, osanyamuka mwaukali kapena kuponda mabuleki mwadzidzidzi, kuti timisomalito tikhazikike m'malo mwake.

Pa za kukula kwa tayala ndinamuletsa cilakolako ca anyamata cofuna matayala otambalala. Pa cipale cosungunuka tayala lotambalala limayandama m'malo moboola kufika pa mseu. Inde, ku Iceland kuli magalimoto oyenda pamwamba pa cipale cakuya ndi matayala a mainchesi 38 kapena 44 ophwetsedwa mpweya, koma imeneyo ndi nchito ya kumapiri kopanda mseu, monga momwe ife timaphwetsera tikalowa mu mcenga wa ku Mongu. Iye atsate nambala zolembedwa m'buku la galimoto kapena pa mphuthu ya citseko. Ngati palembedwa 265/65 R17 112, nambala yotsirizayo itanthauza kuti tayala limodzi lisenza makilogalamu 1,120, ndipo asatsike pansi pa imeneyo, ngakhale ataona la galimoto yaing'ono lolowa bwino pa wilo lake. Cilembo cotsatira ndi ca liwiro: Q ndi makilomita 160 pa ola, T ndi 190, ndipo zonsezi nzokwanira kwa munthu wofuna kukalamba.

Agule anai, onse a mtundu umodzi. Kugula awiri okha ndi kuika galimoto pa mkangano, kutsogolo kukugwira, kumbuyo kukuvina. Ndiponso pa galimoto yokoka ndi mawilo onse, matayala osiyana msinkhu amatopetsa magiya ogawa mphamvu. Mpweya aziupima kawiri-kawiri pakuti umacepa kukazizira. Ndipo akafuna kulowa m'tinjira ta m'nkhalango kumene cipale cimafika m'maondo, anyamule maunyolo omanga pa matayala ndi fosholo, cifukwa galimoto ikakhala pa mimba, tayala lirilonse limangozungulira m'mwamba.

Tsopano mcira uja. Ku Japan matayala a misomali anadzetsa fumbi loopsa m'mizinda yonga Sendai ndi Sapporo, kotero kuti mu 1990 boma linaika lamulo lowaletsa. Makampani a kumeneko anali atayamba kale kupanga ofewa opanda misomali, monga Blizzak ya Bridgestone imene inaturuka mu 1988, ndipo anthu a m'zigawo za cipale amawagwiritsa nchito caka ndi caka. Magalimoto ao akakalamba pang'ono amakwezedwa pa sitima za pamadzi, natsikira ku Dar es Salaam, nalowa pa Nakonde, ena atabvala matayala omwewo. Wogula wa ku Lusaka kapena ku Chipata amaona mano akuya ndi mphini zokongola, nakondwa kuti wapeza matayala atsopano mwaulere.

Ndayenda m'malo ogulitsira magalimoto ndi matayala ogwirapo kale nchito, ndipo ndawaona ndi maso anga. Mphira umene unapangidwira cisanu ca Sapporo ukaponda tala wa mu Okutobala pa mseu wa kum'mawa umafewa mopitirira; mano amapindika pa kona, galimoto imayenda ngati bwato, mtunda woimira umatalika, ndipo tayala limatha msanga. Lingalirani Pajero yodzaza banja ndi matumba a cimanga ikutsika mapiri a Manenekela kulinga ku mlatho wa Luangwa masana dzuwa liri paliwombo. Kulakwa kwake nkofanana ndi kwa mwana wa mlongo wanga, kungoti kwatembenuzidwa.

Safunsa anadya phula. Musanalipire galimoto yocokera kunja, gwadani pansi muwerenge m'mbali mwa matayala onse anai ndi lapadera lomwe. Funani nambala zinai zosonyeza nthawi imene tayala linapangidwa: 3519 itanthauza sabata ya 35 ya caka ca 2019. Mukaona mau akuti STUDLESS, kapena phiri lija pa tayala lodzala ndi mphini zopyapyala, uzani wogulitsa kuti acotse pa mtengo ndalama za matayala anai, ndipo ulendo wanu woyamba ukhale wa kwa wogulitsa matayala, osati wa kumudzi.