Mwana akafuna unzika wa dziko lina

Kuwerenga: Machitidwe 22:25-29

Makomo ambiri kuno ku Nkhotakota, kuchokera ku Dwangwa mpaka ku Chia, ali ndi mwana ku Joni. Ambiri mwa anawa alibe n'chikalata chomwe, ndipo nkhani yawo tidzaikamba tsiku lina. Lero tikunena za ochepa aja amene adalandira chilolezo chokhala mokhazikika ku South Africa, ndipo tsopano akufunsa makolo pa lamya ngati n'koyenera kutenga unzika wa dzikolo. Makolo akamva funsoli mtima umawawa, pakuti m'makutu mwawo limamveka ngati mwana akutsanzika kuti watchona.

Mantha amenewa adali ndi maziko. Kwa zaka zambiri lamulo lathu la unzika la 1966 silinkalola munthu wamkulu kukhala nzika ya mayiko awiri, choncho wotenga unzika wina ankataya wa kwawo. Koma mu Disembala 2018 Nyumba ya Malamulo idasintha lamuloli. Lero Mmalawi angathe kukhala nzika ya dziko lina osasiya kukhala Mmalawi, bola atsate ndondomeko ya nthambi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko.

Ife maganizo athu ndi akuti mwana amene wamanga banja kumeneko, ana ake akuphunzira komweko, asaletsedwe. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, ndipo chilolezo chokhala, ngakhale chitchedwe chokhazikika, ndi mphasa ya mlendo. Lamulo la South Africa limalola boma kuchilanda ngati mwini wake wakhala kunja kwa dzikolo kupitirira zaka zitatu. Taganizani za mwana wobwera kudzadwazika mayi wake kuno kunyanja, matenda n'kukhalitsa. Kodi asankhe pakati pa mayi ndi chikalata? Nzika siikumana ndi yesero lotere. Nzika imaponyanso voti, pamene wachilolezo amangoonerera ena akusankha atsogoleri amene adzagwiritsa ntchito msonkho wake.

Tikumbukire abale athu a ku Zimbabwe. Agogo awo adapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'minda ya azungu, nakhala zaka makumimakumi akuyesa kuti za mapepala zilibe kanthu. Dzikolo litakhwimitsa lamulo la unzika mu 2001, ambiri obadwira komweko adapezeka kuti akuwerengedwa alendo, kuno kumudzi nakonso sakudziwika. Malamulo atsopano a dzikolo a 2013 ndiwo adawatsegulira khomo. Zimene kholo lazengereza, amavutika nazo ndi mdzukulu.

Ena mumpingo amati Mkhristu asadere nkhawa za unzika wa pansi pano poti kwathu ndi kumwamba. Mawuwa ndi a Paulo pa Afilipi 3:20, koma tiwerenge Paulo yense. Asilikali atammanga ku Yerusalemu kuti amkwapule, sadangoti zii. Adafunsa kenturiyo ngati lamulo likulola kukwapula Mroma mlandu wake usanazengedwe, ndipo zikwapu zidalekeka. Mkulu wa asilikali adaulula kuti iye unzikawo adaugula ndi ndalama zambiri, pamene Paulo adabadwa nawo. Ndipo m'chaputala chomwecho cha Afilipi, Paulo akudzitcha Mhebri wa fuko la Benjamini. Uroma sudamchotsere mtundu wake.

Komabe tisanamizane, abale. Pepala silitseka pakamwa pa munthu wachidani. Pa zipolowe zothamangitsa alendo za 2008 ku South Africa, ena mwa ophedwa adali nzika za dziko lomwelo. Unzika umateteza pamaso pa lamulo, osati nthawi zonse mumsewu. Ndiponso umalowedwa ndi lumbiro, ndipo Mkhristu salumbira mwachiphamaso pongofuna pasipoti yoyenda nayo mosavuta. Yeremiya 29 adalangiza akapolo a ku Babulo kumanga nyumba, kulima minda ndi kupempherera mtendere wa mzinda umene adakhalamo. Wolumbira alandire dzikolo ndi mavuto ake omwe. Amene mtima wake uli pa kubwerera chaka chamawa kudzagula boti ndi chilimira, asadzivute, chilolezo chimkwanira.

Kwa makolo tikuti, mwana akaimba lamya musayambe ndi kulira. Mfunseni ngati wakambirana ndi mkazi wake kapena mwamuna wake, ngati wafika ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria kukamva ndondomeko yosungira unzika wa Malawi, ndiponso ngati adzukulu anu obadwira kumeneko adalembetsedwa ku mbali zonse ziwiri.