Miyala yathu ikulankhula Chishona

Pali umbava wina wosathyola chitseko. Sutenga mbuzi, sutenga njinga, umangofufuta dzina la munthu pa ntchito ya manja ake. Chowawa nchakuti umbava umenewu tikudzichita tokha, masanasana, kwinaku tikuimba kuti timanyadira chikhalidwe chathu.

Nkhani yake nayi. Mu 1965 Ian Smith atalengeza ufulu wake wachinyengo uja ku Rhodesia, maiko adamutsekera malonda, fodya nkusowa msika. Mlimi wina wachizungu, Tom Blomefield, adatsala manja ali m'khosi pa famu yake ya Tengenenge, dera la Guruve: antchito mbwee, chowalipira palibe. Mwamwayi pamalopo padali mwala wosemeka bwino wotchedwa serpentine. Mu 1966 anthu adaika makasu pansi nkutola tchizulo ndi hamala.

Kodi antchitowo adali ayani? Ambiri adali matchona: Achewa ndi Ayao ochokera kuno, ku Zambia ndi ku Mozambique, kudzanso ena a ku Angola. Lemon Moses, mmodzi mwa oyamba kusema pamenepo, ngwa kuno kwathu. Amali Malola, Myao, ngwa kuno kwathu. Josia Manzi ndi mwana wa Ayao a ku Malawi. Fanizani Akuda, Mchewa wa ku Zambia wobadwa mu 1932, adasema anthu a maso otsinzina, milomo ili chosongoka kuimba mluzu, ndipo pomwe ankamwalira mu 2011 miyala yake nkuti itafika kale ku Ulaya ndi ku America.

Lero dziko lonse likaona miyala imeneyi limati nzosema za Chishona. Azimbabwe sindikuwada ayi. Mwala ngwao, akatswiri ao ngati Henry Munyaradzi ndi Bernard Matemera adasema pompo, ndipo ntchitoyo adaisamala. Chala changa chikuloza ife. Tidachitapo chiyani? Kwa ife chosema chilichonse ndi chiboliboli basi, kanjovu kotsatsa azungu pa Victoria Avenue. Mwana wa sukulu amaloweza kuti Livingstone adafika kunyanja mu 1859, koma mufunseni za Amali Malola, ayesa mukunena wogulitsa kanyenya.

Taonani anzathu. Constantin Brâncuși adabadwa mu 1876 m'mudzi wa Hobița ku Romania, mwana wa alimi. Mu 1904 adafika ku Paris, nasintha kasemedwe ka dziko lonse, nkufera komweko mu 1957. Mtchona weniweni ameneyo! Komatu kumudzi kwao kuli kanyumba ka matabwa komukumbukira, ndipo anthu amapitako. Iwo adadziwa kuti mwana akachona sasiya kukhala mwana wa pamudzi.

Ndiye ndikuti timange kanyumba kotere ku Chileka kapena pa Lirangwe. Wina ati, kodi osemawo adali a kumeneko? Sindikunena choncho. Ndikunena kuti pa Lirangwe mpamene pamadutsa msewu wa ku Zalewa, Mwanza, Tete mpaka Harare, ndipo mabasi odzaza ndi matchona a lero amapyola pomwepo, ana athu atapanikizana ndi zikwama ulendo wa ku Joni. Njanji nayo ili pompo. Ku Zimbabwe anthu athu amawanyoza kuti mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, angakhale kwao ndi ku Mangochi kapena ku Dedza. Ngati dzina la Blantyre lidasenza chitonzo, lisenzenso ulemu.

Chileka nayo ili ndi bwalo la ndege pomwe alendo amatsikira, ndipo kukumbukira anthu aluso idazolowera. Kwa Singano nkwao kwa Daniel ndi Donald Kachamba, komwenso Moya Malamusi adasonkhanitsa nthano, nyimbo ndi zipangizo za makolo. Chaka ndi chaka anthu amakhamukira ku Chileka kukumbukira Evison Matafale, yemwe adamwalira mu 2001. Woimba timamukumbukira poti pamakhala gule ndi mowa. Nanga wosema adalakwanji? Poti mwala suvinitsa?

Ndikudziwa yankho la mabwana a m'maofesi: ndalama kulibe, anthu ali ndi njala. Zoona, mwala sudyeka. Koma ndalama za misonkhano ya kunyanja, ya maalawansi ija, sizisowa bwanji? Ku Mua, Bambo Claude Boucher adayamba Kungoni mu 1976, lero osema akudya za manja ao. Ku Karonga adatsegula nyumba yao ya mbiri mu 2004. Pa Namaka, msewu wa ku Zomba, kanyumba kakang'ono kadasungidwa kukumbukira amtengatenga onyamula makalata. Sitikupempha nsanjika. Chipinda chimodzi, zithunzi, maina olembedwa bwino m'Chichewa ndi m'Chiyao, miyala iwiri kapena itatu, ndi khonde pomwe anyamata angaphunzire kugwira tchizulo.

Inu a nthambi yosunga mbiri ndi zinthu zakale, inu a kazembe wathu ku Harare, inu aphungu ndi mafumu a ku Chileka ndi Lirangwe, kalata imodzi yopita ku Tengenenge ikukanikani? Mbadwo woyamba uja ukutha, ndipo amene akudziwa midzi yomwe makolowo adachokera akukalamba. Akuluakulu adati kwanu nkwanu, mthengo mudalaka njoka. Matupi ao adagona kuchilendo, sitingawabweze. Maina okha bwezani.