Ndolo ya mayi akunyumba yandiphunzitsa za makina

Abale anzanga, sabata ino ndale ndaziyika kaye pambali. Kunyumba kwanga kwagwa nkhani yoposa ya ku Nyumba ya Malamulo.

Tidali pa chinkhoswe cha mwana wa mlamu wanga kumudzi ku Salima. Mayi akunyumba adavala ndolo zagolide zomwe malemu apongozi anga adawasiyira, tindolo tating'ono ngati njere ya mapira. Gule atafika pakolasa mtima, ndolo imodzi idapulumuka n'kugwera mumchenga wa pabwalo. Tidasefa mchenga ndi sefa ya ufa mpaka dzuwa kulowa, osapeza kanthu. Pobwerera m'minibasi mayi aja adangoyankhula kamodzi: "Abambo, chinthu chokhacho chomwe amayi adandisiyira." Basi. Inu amene muli pabanja mukudziwa kuti mawu otere amasowetsa tulo kuposa kukalipiridwa.

Tsono mnzanga wina adati ndisadandaule, ali ndi makina ofufuzira zitsulo, amene ena akumawatchula kuti ditekita. Chinthu chachikulu ndithu, chimbale chake cha kunsi ngati chivundikiro cha poto wa pamaliro. Ati chimamva chitsulo ngakhale chili pansi mita yathunthu. Tidapita nacho. Chidatipezera khasu lakale, misomali 14, zitsekerero za mabotolo zosawerengeka. Kenaka nzeru idandibwerera: ndidatenga ndolo yotsala ija n'kuyiika pamwamba penipeni pa mchenga, n'kudutsitsa makinawo. Zii! Ngakhale kutsokomola.

Apa m'pomwe ndidayamba kufunsa ndi kuwerenga, ndipo zomwe ndapeza ndati ndikugawireni musanataye ndalama zanu.

Makina amenewa saona golide ayi. M'chimbale muja muli waya wokulungidwa amene amatumiza mphamvu ya maginito m'nthaka. Mphamvuyo ikakumana ndi chitsulo, imadzutsa timagetsi tozungulira m'chitsulomo, ndipo makina amalira akamva timagetsito. Ndiye chinthu chikakhala chachikulu komanso chozungulira chotsekeka, monga mphete yaukwati, chimayankha mokweza. Koma kandolo kamayankha monong'ona. Tcheni cha m'khosi ndiye chovutitsitsa, chifukwa makina sachimva ngati chinthu chimodzi chachitali. Amamva kamfundo kalikonse pakokha. Nthawi zambiri chomwe chimalira n'kokolekera kake basi. Ndipo mphete ikaduka n'kutseguka, mawu ake amatsika kwambiri ngakhale golide wake ali yemweyo.

Choncho funso loyamba kwa wogulitsa lisakhale loti "amafika pansi bwanji?" Mufunseni nambala ya kHz, kutanthauza kuti mphamvu ija ikugunda kangati pa sekondi. Nambala yotsika imalowa pansi ndipo imakonda zinthu zikuluzikulu zasiliva ndi mkuwa. Nambala yokwera siipita patali, koma imamva tinthu ting'onoting'ono tagolide. Garrett Ace 250, amene anthu ambiri amayambira, amagunda pa 6.5 kHz, ndipo ntchito yake yeniyeni n'kutola ndalama zachitsulo ndi mphete. Minelab Gold Monster 1000, amene adatuluka mu 2017, ali pa 45 kHz. Fisher Gold Bug 2, nkhalamba ya mu 1995, ali pa 71 kHz. Awiri omalizawa adapangidwira ofuna timibulu tagolide m'nthaka, n'chifukwa chake pa tindolo ndi akatswiri. Palinso Minelab Equinox 800 wa mu 2018, amene amatha kugunda manambala angapo nthawi imodzi, kapena mumusankhire imodzi mpaka 40 kHz, ndipo amalowa m'madzi mpaka mamita 3.

Chachiwiri ndi chimbale chija. Ife Amalawi timakonda zikuluzikulu, galimoto yaikulu, mpando waukulu, koma apa chachikulu n'chimene chimakupusitsa. Chimbale cha mainchesi 11 chimamva dothi lambiri nthawi imodzi, ndipo kunong'ona kwa kandolo kumamira m'phokosolo. Cha mainchesi 5 kapena 6 ndicho chofunika. Chimachedwetsa ntchito, inde, koma chimaloza pamalo enieni ndipo chimalowa pakati pa zinyalala. Musayembekezere zozizwitsa: ngakhale makina abwino amamva kandolo pakuya kosaposa chala chanu.

Tsono pali kabatani kena kamene kadatipweteka ine ndi mnzanga. Makina ambiri ali ndi pochunira kuti asamalire pa zinyalala. Zikumveka zabwino, eti? Vuto n'lakuti kwa makina, kagolide kakang'ono kamamveka chimodzimodzi ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu. Ukawauza kuti akane kapepalako, wawauzanso kuti akane ndolo ya akazi ako. Mnzanga uja adali atachuna mpaka kumapeto poopa kukumba zachabechabe. Wofuna kandolo ayenera kuvomera kugwada ndi kutola nyansi zonse za pabwalo, chimodzichimodzi.

Malo nawonso ali ndi mawu ake. Kunyanja zamchere monga ku Durban, makina a nambala imodzi yokwera amangolira okha pamchenga wonyowa chifukwa amamva mcherewo. Kumeneko pamafunika aja ogunda manambala angapo. Nyanja yathu ilibe vuto la mchere, koma m'madera ena a m'mphepete mwake, ku Salima komweko, muli mchenga wakuda wokhala ndi chitsulo, umene umasokoneza. Onetsetsani kuti makinawo ali ndi pochunira kuti azolowere dothi la pamalopo. Ndipo tayani kutali ndi malata ndi waya wa mpanda. Mu 1881 Alexander Graham Bell, yemwe uja wa telefoni, adayesa kufufuza chipolopolo m'thupi la Pulezidenti James Garfield wa ku America ndi makina otere. Sadachipeze, ndipo zina mwa zomwe zidamusokoneza ndi masipuling'i achitsulo a bedi lomwe wodwalayo adagonapo. Ngati zidamuchitikira Bell, kuli bwanji ine mwana wa ku Salima?

Ine ndasankha a 45 kHz okhala ndi kachimbale ka mainchesi 5, poti pabwalo pathu m'pouma. Mphwanga amene ali ku Joni ndiye akagule. Koma ndamulamula kuti asatulutse khobidi asanayese. Ayike ndolo yotsalayo pansi m'sitolo momwemo, makina alire iye akumva. Zolembedwa pa katoni sindizikhulupiriranso.

Kutanthauza kuti ndolo yachiwiri nayo yachoka pakhomo, yakwera basi itamangidwa pa ngodya ya mpango wa achemwali anga. Mayi akunyumba adaipereka okha, koma adandiyang'ana diso lina lake. "Zikatayika zonse ziwiri, abambo, mudzafotokoza nokha kumanda kwa amayi."

Pakali pano pabwalo la kumudzi taphimbapo lona, tatsekereza ndi njerwa, ndipo kusesa n'koletsedwa. Nkhawa yanga ndi mvula yoyamba, imene ikhoza kukokolola mchengawo makina asanafike. Nkhawa ya mlamu wanga ndi ina. Akuti m'mawa wa tsiku lotsatira chinkhoswe adaona tambala wake wofiira akujompha pamalo omwewo. Tambalayo tamutsekera m'khola, ndipo makina akangofika, woyamba kupimidwa ndi iyeyo.